Kwa Inu Ofuna Kuwerenga Matope a Pansi pa Nyanja

Ana anga, ambiri mwa inu mukamva kuti alipo anthu odziwa mmene mvula inkagwera zaka 100,000 zapitazo, maganizo anu amathamangira ku makompyuta akuluakulu ndi zithunzi zojambulidwa kumwamba. Si kumeneko ayi. Zambiri zimene zikudziwika lero za chilala ndi mvula yamakedzana mu Africa muno zinachokera kwa munthu wokhala pampando tsiku lonse, diso lili pa maikulosikopu, msana ukuwawa, akuwerenga tizigoba ta ndere yakufa totoledwa m'matope. Ngati mwa inu alipo amene mtima wake wakopeka ndi ntchito imeneyi, akhale pansi amve, ngakhale kuti mawu ena sakomera m'khutu.

Tizamoyo timene ndikunenati ndi madayatomu. Ndi ndere ndithu, koma ya selo imodzi yokha, yosaoneka ndi maso. Mukaterereka pamwala wa m'madzi ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear, zoterera zofiirira zija zimene nsomba za mbuna zimapala ndi mano, mbali yake yaikulu ndi madayatomu. Ena sakhala pamwala, amangoyandama m'kati mwa nyanja. Ambiri kutalika kwawo sikukwana gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, komabe onse pamodzi, a m'nyanja zamchere ndi a m'madzi abwino, amagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ntchito yonse yopanga chakudya ndi mpweya wabwino kuchokera ku dzuwa padziko lapansi. Chimene chikutikhudza ife ndi nyumba yawo. Dayatomu imadzimangira chigoba cha silika, zomwe zija zili mu mchenga ndi m'galasi, ndipo chigobacho chili ndi magawo awiri ovundikirana ngati poto ndi chivundikiro chake. Kamoyoko kakafa zam'kati zimawola, koma kachigoba kamamira n'kukagona pansi, chaka ndi chaka tina tikugwera pamwamba pake. Mtundu uliwonse uli ndi timabowo ndi timizere takutake, choncho ngakhale patapita zaka masauzande mungathe kuutchula dzina.

Ndiye poti madayatomu ndi osankha kwambiri malo okhala, dzina lija limabwera ndi uthenga. Aulacoseira ndi wolemera, amalumikizana m'timaunyolo, ndipo popanda mphepo yotakasa madzi amamira msanga. Mukamupeza wochuluka m'matope, dziwani kuti madzi ankavunduka. Mtundu wake wina, Aulacoseira nyassensis, unatengera dzina ku dzina lina la nyanja yathu yomweyi ya Malawi; katswiri wa ku Germany, Otto Müller, ndiye analemba za madayatomu a dera lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Eunotia amakonda madzi a asidi. Anomoeoneis sphaerophora amapirira madzi a chikungu, amchere. Mitundu yokhala pamiyala ndi pamchenga ikachuluka kuposa yoyandama, kawirikawiri ndiye kuti gombe linali pafupi, nyanja inali itaphwa.

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwera m'mbuna. Amaloweza mndandanda wonga umenewu, n'kumaona ngati ntchito yatha: dzina ili ndi chilala, dzina ilo ndi mvula. Munthu wosadziwa nyanja yamoyo sangamasulire nyanja yakufa. Musanakhudze matope akale, pitani mukanyowe. Kadziweni mwera, mmene amawombera kuyambira cha mu May mpaka September, n'kukankhira madzi apamwamba kumpoto, pamene madzi ozizira a pansi, odzaza ndi chakudya cha ndere, akutumphukira kumwera kwa nyanja. Kadziweni mpoto, amene amachita zomwezo koma mbali inayo. Kaoneni mtundu wa madzi a mtsinje wa Linthipe kapena wa Songwe mvula ikagwa. Msodzi wa usipa amene wakhala pabwato moyo wake wonse amazidziwa zimenezi kuposa buku, ndipo safuna malipiro ena koma ulemu.

Mayi wina wa ku France, Françoise Gasse, amene anamwalira mu 2014, ndiye chitsanzo changa pa zimenezi. Anayamba ndi nyanja ya Abhé, kumalire a Ethiopia ndi Djibouti, dera lotentha koopsa, m'zaka za m'ma 1970. Sanangotola matope akale basi. Anasonkhanitsa madayatomu amoyo a m'nyanja, m'madambo ndi m'akasupe ambirimbiri, n'kumayang'ananso mchere ndi asidi wa madzi a malo aliwonse. Mu 1986 anatulutsa buku la madayatomu a kum'mawa kwa Africa, ndipo mu 1995, pamodzi ndi anzake Steve Juggins ndi Leila Ben Khelifa, anatulutsa masamu olumikiza mitundu ya madayatomu ndi mchere wa madzi a nyanja za mu Africa. Ndi masamu amenewo munthu amatha kutenga chiwerengero cha tizigoba takale n'kunena kuti madziwo anali amchere motani. Koma taonani kuleza mtima kwake: kuyambira ku Abhé mpaka kufika pa masamu amenewo panadutsa zaka pafupifupi 20.

Za mu labotale sindichulutsa. Mumatenga matope ochepa zedi, mumawotcha zonse zowola ndi hydrogen peroxide, ngati muli laimu mumamusungunula ndi asidi, mumatsuka ndi madzi oyera mobwerezabwereza, kenako mumadontheza pagalasi lopyapyala, liume lokha, n'kulimata pa silaidi ndi utomoni wotchedwa Naphrax. Mumaona pokulitsa ka 1,000, kadontho ka mafuta kali pagalasi. Zimenezi mwezi umodzi mwaziphunzira. Chovuta ndi kuwerengako. Pa silaidi iliyonse muyenera kutchula mayina a tizigoba 300 kapena mpaka 500, ndipo masilaidi a kafukufuku mmodzi amatha kukhala mazana angapo. Diso limakopeka ndi zazikulu ndi zokongola, n'kulumpha tating'ono tosasangalatsa. Likanizeni. Tsatani mzere umodzi wa galasi kuchokera uku mpaka uko, ndipo chilichonse chimene mwakumana nacho chilembedwe. Chimene simukuchidziwa musachipatse dzina la mnzake chifukwa chofanana nkhope. Chijambuleni, chipatseni nambala, mukafunse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'ntchito muno wopupuluma samangochedwetsa zinthu, amaika bodza m'mabuku limene ena adzalikhulupirira kwa zaka zambiri.

Chinthu china chimene mabuku a oyamba kumene satsindika mokwanira n'chakuti galasi nalo limasungunuka. M'madzi a chikungu chambiri tizigoba topyapyala timatha, n'kutsala tokhuthala tokha. Wosadziwa amawerenga totsalato n'kulemba kuti nyanja inali ya mitundu iwiri kapena itatu yokha, pamene mitundu ina makumi inalipo koma inafafanizika. Ndiponso mitsinje ndi mafunde zimakokolola tizigoba ta m'mphepete n'kukatitaya pakati pa nyanja. Choncho musamangofunsa kuti muli chiyani umu. Muzifunsanso kuti chasowa n'chiyani, nanga chimene chilipochi chinafika bwanji. Yang'anani ngati m'mphepete mwa tizigoba mwadyeka, ngati tambiri tili tosweka. Ndipo musadalire mboni imodzi. M'matope omwewo muli mungu wa mitengo ndi udzu, makala a moto wolusa, tizigoba ta tizilombo ta m'madzi, ndi mamba ndi mafupa a nsomba. Madayatomu akanena kuti nyanja inaphwa koma mungu ukunena kuti nkhalango inali yowirira, musabise kusagwirizanako. Nthawi zambiri chatsopano chimabisala pomwepo.

Tsopano ndikuuzeni za nyanja yathu, chifukwa ilipo nkhani imene mwana wasukulu aliyense m'dziko muno anayenera kuidziwa. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 pamalo pake pozama kwambiri, ndipo mukatsika kupitirira mamita 200 kapena 250 mulibenso mpweya m'madzi. Kumeneko kulibe nsomba kapena nyongolotsi zofukula matope, ndiye zimene zagwa zimagona mmene zagwera. Kumpoto kwa nyanja matope ena ali ndi timizere tosinthana: koyera, kodzaza madayatomu a nyengo ya mphepo, ndi kakuda, ka dothi lobwera ndi mitsinje nthawi ya dzinja. Timizere tiwiri, chaka chimodzi.

Mu 2005 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse, Thomas Johnson wa ku Minnesota, Andrew Cohen wa ku Arizona ndi anzawo linaika makina oboolera pa chombo cha Viphya. Chapakati pa nyanja, pamadzi akuya mamita pafupifupi 590, anaboola pansi mamita ena pafupifupi 380, n'kutulutsa matope osunga mbiri ya zaka pafupifupi 1.3 miliyoni. Mmodzi mwa amene anapirira kuwerenga madayatomu ake ndi Jeffery Stone. Zimene gululi linatulutsa mu 2007 zinadzidzimutsa ambiri: pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti nyanja inatsala yakuya mamita pafupifupi 125 okha, madzi ake amchere, ndipo inataya madzi osachepera magawo 95 pa 100 aliwonse. Dziko lozungulira linali pafupifupi chipululu. Kafukufuku wina wa matope omwewo, wotuluka mu 2015, anawerenga maulendo 24 amene nyanja inatsika kupitirira mamita 200. Taganizani: pena pamene pamayandama sitima ya Ilala lero panali pouma, ndipo nsomba zathu zimene alendo amabwera kudzaziona zinadutsa m'masautso amenewo.

Koma nkhaniyi ili ndi mchira umene ndikufuna muugwiritse. Kudziwa zimene zinachitika n'kosavuta poyerekeza ndi kudziwa kuti zinachitika liti. Njira ya kaboni 14 imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Ya lead 210 imangothandiza pa zaka 150 zapitazi. Kupyola pamenepo munthu amadalira njira zina zokhala ndi mpata waukulu wolakwika. Mu 2013 Christine Lane ndi anzake anapeza m'matope a Malawi omwewo timagalasi ta phulusa la phiri la Toba la ku Sumatra, limene linaphulika zaka pafupifupi 75,000 zapitazo, mtunda woposa makilomita 7,000 kuchokera kuno. Phulusalo silinkaoneka ndi maso. Anachita kulisefa m'matope pang'onopang'ono. Litapezeka, linakakamiza akatswiri kukonzanso zaka zimene anali ataika pa zigawo zina za matopewo. Linasonyezanso kuti nyengo ya kuno sinazizire kwambiri chifukwa cha kuphulikako, zomwe zinafooketsa ganizo lotchuka lakuti Toba anatsala pang'ono kupulula mtundu wa anthu. Akatswiri otchuka, ndalama zambiri, komabe zaka zawo zinakonzedwa ndi wobwera pambuyo, ndipo iwo anavomera. Johnson mwiniwake anali nawo polemba. Inu mukadzalemba chaka pambali pa matope anu, lembaninso kuti chingaphonye ndi zaka zingati mbali iyi ndi iyo. Wobisa zimenezo kuti chithunzi chake chioneke chosalala ndimamuona ngati wakuba.

Mudzakumananso ndi anthu ofuna kubwereka ntchito yanu kuti anenere zawo. Wina adzati: si mwanena nokha kuti nyengo inkasintha kale anthu asanakhale ndi magalimoto, nanga lero mukudandaulanji? Muyankheni modekha. Zilala zamakedzana zija zinkayenderana ndi kusintha kwa kazunguliridwe ka dziko pa dzuwa, makamaka kugwedera kwa dziko kumene kumatenga zaka pafupifupi 21,000 kuti kubwerere pomwe kunayambira. Kutentha kwa lero kuli ndi gwero lina, mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi kutha kwa nkhalango, ndipo kukuchitika m'zaka za moyo wa munthu mmodzi. Matope sakutitonthoza ayi. Akutiuza kuti nyanja imeneyi imamva msanga mvula ikasintha, chifukwa madzi ake ambiri amathera m'mlengalenga ndi dzuwa, ochepa okha ndiwo amatuluka ndi Shire. Ndiponso sitifunika kubwerera kutali. Kuyambira 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja inatsika moti Shire analeka kutulutsa madzi ake. Nthawi imeneyo kunalibe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani kapena Kapichira. Lero magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umenewo. Mbali inayo, mu 2024 madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Wokonza mapulani amene akungodalira zaka zochepa zolembedwa m'maofesi akuona mbali yochepa ya khalidwe la nyanjayi, ndipo ndi inu mungamuonetse yotsalayo.

Musaganize kuti kuwerenga ndere kulibe ndale. Ku Britain m'zaka za m'ma 1980 kunali mkangano waukulu: nyanja za ku Scotland, Norway ndi Sweden zinkasanduka za asidi, nsomba zikutha, ndipo ena ankati vuto ndi utsi wa malasha a m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi, pamene ena ankati ndi kusintha kwa kagwiritsidwe ka nthaka kapena chilengedwe chabe. Panalibe amene anayeza madziwo zaka 100 m'mbuyomo. Rick Battarbee ndi Roger Flower a ku University College London anatenga matope a kanyanja ka Round Loch of Glenhead ku Galloway, n'kusonyeza ndi madayatomu kuti madzi ake anayamba kusasa cha pakati pa zaka za m'ma 1800, mafakitale atachuluka, osati kale. Mfundo za otsutsa anaziyesa imodziimodzi, osazinyoza. Chimene chinapatsa umboni wawo mphamvu pamaso pa anthu osaufuna si mawu okuluwika, koma kuti aliyense akanatha kutenga masilaidi awo n'kuwerenganso. Sungani masilaidi anu ndi mabuku anu owerengeramo ngati kuti mawa kudzabwera munthu wofunitsitsa kukupezerani cholakwa, chifukwa ntchito yanu ikadzakhudza ndalama za wina, munthu ameneyo adzabweradi.

Chinanso, musanyoze zimene agogo anu amakumbukira. Mu 2000 Dirk Verschuren ndi anzake anatulutsa mbiri ya zaka 1,100 ya nyanja ya Naivasha ku Kenya, yochokera ku madayatomu, tizilombo ndi matope. Anapeza zilala zitatu zazitali, cha mu 1390 mpaka 1420, 1560 mpaka 1625, ndi 1760 mpaka 1840, ndipo nthawi zimenezi zinagwirizana ndi nyengo za njala, nkhondo ndi kusamuka zimene mbiri yapakamwa ya anthu a kum'mawa kwa Africa inasunga. Apa ndi pamene inu muli ndi mwayi umene mlendo alibe. Mukhoza kukhala pakhonde ku Kachulu kapena pa chilumba cha Chisi, n'kumva m'chinenero chanu mmene nyanja ya Chilwa inaumira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, kumene anthu anapita, zimene anadya, nsomba imene inayamba kubwerera. Nkhani zoterezi musazimeze zonse, pakuti nazonso zimasokoneza zaka ndipo zimakometsa, monga momwe matope amatayira tizigoba tina. Ziikeni pambali pa zimene mwawerenga, ziwiri zonsezi zifunsane.

Chilwa yemweyo ndikuchenjezeni naye. Ambiri amafuna kuyambira kumeneko chifukwa ndi pafupi ndi Zomba ndipo ndi wosaya. Koma nyanja youma kawirikawiri imataya mbiri yake: matope amang'aluka, mphepo imauluza apamwamba, ng'ombe ndi anthu amapondaponda, chikungu chimadya tizigoba. Zaka zimene mukufunitsitsa kuzidziwa, za chilala, ndizo zimene sizisiya kanthu. Si kuti musapiteko, koma mupite mukudziwa kuti mpata wopanda kanthu m'matope ukhoza kukhala chilala chenichenicho.

Za ndalama ndisakunamizeni. Ntchito zolembedwa kuti katswiri wa madayatomu n'zochepa padziko lonse, kuno ndiye n'zosowa. Matope a mu 2005 aja amasungidwa m'zipinda zozizira ku Minnesota, ndipo ambiri mwa amene awawerenga ndi a kunja. Ena izi zimawapsetsa mtima, ndipo ndikuwamvetsa, koma kupsa mtima sikuwerenga silaidi. Malo osungira matope oterowo amapereka tizidutswa kwa wofufuza amene wapempha ndi funso lomveka. Lembani kalata yaifupi, yonena chimene mukufuna kudziwa ndi chigawo cha matope chimene chingayankhe, osati yongopempha thandizo lililonse. Phunzirani masamu owerengera zinthu ndi pulogalamu ya pakompyuta ya R, chifukwa wodziwa mayina okha adzakhala wowerengera ena mpaka kalekale, dzina lake lili kumapeto kwa pepala. Dziwaninso kuti luso lomweli limagulika kwina. Ku South Africa madayatomu amagwiritsidwa ntchito poyeza ukhondo wa mitsinje, ndipo mu 2007 Jonathan Taylor ndi anzake anatulutsa buku la zithunzi za mitundu yofala kumeneko, limene lingakuthandizeni kwambiri poyamba. Botolo la madzi limakuuzani za tsiku limene mwatunga lokha, pamene ndere yapamwala imasunga za masabata angapo, kuphatikizapo usiku umene wina anatayira zonyansa mumtsinje anthu ali mtulo. Mitsinje ya Mudi, Lilongwe ndi Likangala ikudikira woiyeza motere.

Ndiye poyambira pake sipafuna chombo cha Viphya. Tengani mswachi watsopano, beseni laling'ono ndi timabotolo. Tolani miyala isanu m'madzi oyenda, osati pamthunzi wambiri, mukweche pamwamba pake, madzi ofiirirawo muwathire m'botolo ndi kuwonjezera spiriti kuti asawole. Ngati kusukulu kwanu kuli kachipangizo koyezera mchere ndi asidi wa madzi, kabwerekeni, muyeze pomwepo musanachoke. Bwererani pamalo omwewo m'dzinja, m'nyengo ya mwera ndi m'chilimwe, kenako muonjeze nyanja za Malombe ndi Chiuta komanso damu la Mulunguzi. Dzina la malo ndi tsiku muzilemba ndi pensulo pakapepala, chifukwa inki imasungunuka ikakhudzana ndi spiriti, ndipo botolo lopanda dzina n'lofunika kungotaya.